Magetsi a mphepo ali m'njira: kodi mbalame za m'nkhalango zidzatani?

LUSAKA – Anthu ocita malonda pa msika wa Northmead ndi m'masitolo a m'mseu wa Paseli sanaiwale caka ca 2024. Mvula itakana, mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anaphwa kotero kuti pofika mwezi wa September, pa makina 6 a ku Kariba North Bank amodzi okha ndiwo anali kugwira nchito. Ku Northmead, monganso ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga, magetsi anali kuzima mpaka maola 21 pa tsiku. Ometa tsitsi anali kudikira pakati pa usiku kuti acajise makina ao, ogulitsa nyama anali kuitsitsa mtengo isanaonongeke, ndipo phokoso la majenereta linalowa m'malo mwa nyimbo za pa wailesi.

Nthawi imeneyo, magetsi oposa 80 pa 100 alionse a dziko la Zambia anali ocokera ku madzi. Conco boma ndi makampani anafulumiza kufunafuna njira zina. Za dzuwa zinayenda msanga. Malo a Bangweulu ndi Ngonye kum'mwera kwa Lusaka anali atayamba kale kugwira nchito mu 2019, ndipo mu June 2025 anatsegula ena a mamegawati 100 ku Chisamba. Za mphepo zinatsalira: pofika kumapeto kwa 2024 dziko lino linalibe malo aakulu ngakhale amodzi opangira magetsi a mphepo.

Koma mapulani alipo, ndipo si alero. Banki ya World Bank inathandiza kuimika nsanja 8 zoyezera mphepo m'malo monga Choma, Mwinilunga, Mpika, Mansa, Petauke ndi kufupi ndi Lusaka. Mu 2017 bungwe la boma la America la USTDA linapereka ndalama zoposa madola 1 miliyoni kuti kampani ya Access Power ifufuze za malo a mamegawati 130 ku Pensulo, m'boma la Serenje. Ku Katete, m'dziko la Kalonga Gawa Undi, kampani ya Mphepo Power inaimika nsanja yake yoyezera mphepo pokonzekera nchito yochedwa Unika, ya mamegawati 200. Mu 2022 kampani ya migodi ya First Quantum Minerals inalengeza mgwirizano ndi makampani a Total Eren ndi Chariot wa mamegawati 430 a dzuwa ndi mphepo pamodzi.

Cokopa ca mphepo n'cosavuta kumva. Imaomba kwambiri m'miyezi ya cilimwe, pamene mitsinje yatsika, ndipo siileka dzuwa likalowa. Vuto ndi lakuti mphepo yabwino imapezeka pamwamba pa zitunda ndi m'mapiri, ndipo m'zigawo zambiri ndi komweko kumene kwatsala nkhalango za miombo zimene khasu ndi nkhwangwa sizinafikeko. M'nkhalangozo ndimo mukhala gawo lalikulu la mitundu yoposa 750 ya mbalame za m'dziko lino.

Mitembo imawerengeka, zothawa siziwerengeka

Anthu ambiri akamva za mbalame ndi makina a mphepo amaganiza za mbalame zogundidwa ndi mapiko a makinawo. Zimenezi zimacitikadi. Ku South Africa ofufuza anasonkhanitsa zopezeka pa malo 20 kuyambira 2014 mpaka 2018, ndipo anawerenga mitembo 848 ya mbalame za mitundu 130. Zambiri mwa izo, 36 pa 100 zilizonse, zinali mbalame zolusa monga ziwombankhanga ndi akabawi. Mbalame zotere zimauluka maso ali pansi kufunafuna nyama, ndipo zimakonda mphepo yokwera m'mbali mwa mapiri, yomweyo imene mainjiniya amaifuna. Kwa Zambia, imene ili ndi nkhwazi pa mbendera yake ndiponso miimba imene yacepa kale cifukwa ca poizoni, ciwerengero cimeneci si cakutali.

Komabe mbalame zenizeni za m'nkhalango, monga gogomole, nsadzu, nthengu ndi tina tating'ono todya tizilombo ta m'masamba, kawirikawiri siziuluka kufika kumene mapiko amazungulira. Mitengo ya miombo siitalika kwenikweni, pamene makina amakono amaposa mamita 100. Munthu woyenda pansi pa makina kufunafuna mitembo angabwerere wopanda kanthu, n'kulemba lipoti lakuti zonse zili bwino. Cimene sangacitole pansi ndi mbalame imene yasamuka, yaleka kuimba, kapena yalephera kupeza inzake yokwatirana nayo.

Popeza Zambia inalibe makina otere, umboni wa zimenezi ukucokera kunja. Mu 2023 akatswiri a ku Finland anaunika pamodzi kafukufuku 84 wa m'maiko 22. Anapeza kuti pa nkhani 100 zilizonse zokhudza mbalame, 63 zinaonetsa mbalame zikutalikirana ndi makina, ndipo akadzidzi ndi mbalame zina zikuluzikulu za m'madambo zinali kutalikira mpaka makilomita 5. Ku Germany, Austria ndi Sweden, mbalame yaikulu ya m'nkhalango yochedwa capercaillie, imene imayenda pansi ngati nkhanga, inapezeka mu 2020 kuti imapewa malo ozungulira makina mpaka mamita 650. Makina amodzi amaima pa kamalo kocepa, koma mbalame yotere imataya mahekitala oposa 100 pa makina amodzi okhawo, ngakhale mitengo yonse ikadali ciimire.

Nkhani ya phokoso ndiyo yofunika kuikhalira pansi. M'nkhalango mbalame siziona patali, conco moyo wao wonse uli m'makutu. Nyimbo ndiyo malire a munda wa tambala wa mbalame, ndiyo kalata yofunsira mbeta, ndiyonso mfuu yocenjeza za njoka kapena kabawi. Makina a mphepo amatulutsa mkokomo wa mau otsika, usana ndi usiku. Ofufuza a ku yunivesite ya Newcastle ku England anaonetsa mu 2016 kuti kambalame kochedwa robin, pamene kamva mkokomo umenewu, kamaleka kugwiritsa nchito mau otsika amene kamaopseza nawo mdani wolowa m'malo ake. Ciopsezo cikapanda kumveka, cotsatira ndi ndeu yeniyeni, ndipo mphamvu yoyenera kudyetsa ana imathera pa kumenyana. Ku nkhalango ya Black Forest ku Germany, mbalame yochedwa woodcock, imene yaimuna imauluka madzulo pamwamba pa mitengo ikulira kuti ikope yaikazi, inacepetsa maulendo amenewa ndi 88 pa 100 makina atamangidwa.

Aliyense wodziwa miombo angaone msanga abale a mbalame zimenezi kuno kwathu. Lumbe wa nthenga zazitali ngati nsalu amafika kudzaswa ca m'ma September ndi October, ndipo naye amafunsira ukwati mwa kuuluka madzulo pa malo oyera a pa zitunda. Nang'omba amalira m'bandakuca ndi mau otsika kwambiri omveka pa mtunda wa makilomita angapo, ndipo ndi kulira kumeneko mabanja a anang'omba amadziwitsana malire. Mbalame imeneyi imaswa mocedwa zedi. Ku South Africa anapeza kuti banja limodzi limalera mwana mmodzi wofika pouluka pa zaka pafupifupi 9. Banja la anang'omba likacoka pa phiri, mwana wobadwa caka cimeneco m'mudzi wapafupi angamalize sukulu asanamvepo kulira kwake.

Palinso khalidwe lina la mbalame za m'miombo limene osaka ndi otola bowa amalidziwa bwino. Munthu angayende theka la ora m'nkhalango muli zii, kenaka n'kupezeka pakati pa gulu la mbalame za mitundu khumi kapena kuposa, zonse zikuyendera pamodzi kucoka pa mtengo wina kupita pa wina. Gulu lotere limagwirizana ndi mau, ndipo nthengu nthawi zambiri ndiye mlonda wake. Mseu waukulu wodula nkhalango pakati, pamodzi ndi mkokomo wosaleka, zikukhudza zinthu ziwiri zimene gululo limadalira: mitengo yolumikizana ndi kumvana.

Nsadzu nayo ili ndi mlandu wake, ndipo uwu ukukhudza thumba la munthu. Mu 2016 Dr Claire Spottiswoode, amene wakhala zaka zambiri akufufuza mbalame ku Choma, anafalitsa ndi anzake zimene anapeza pakati pa Ayao ofula uci ku Niassa m'dziko la Mozambique. Pamene wofula uci aitana nsadzu ndi kaitanidwe ka makolo, mwai wopeza njuci unali kukwera kucoka pa 17 kufika pa 54 pa maulendo 100 alionse. Ubale umenewu ndi wa makutu okhaokha, munthu kumva mbalame ndi mbalame kumva munthu.

Si kafukufuku yense amene amaimba mlandu makina. Akatswiri a ku yunivesite ya Marburg anawerenga mbalame wamba m'nkhalango 24 za m'cigawo ca Hesse ku Germany, ndipo mu 2023 ananena kuti kuyandikira kwa makina pakokha sikunasinthe zambiri. Cimene cinalamula cinali mkhalidwe wa nkhalangoyo. M'nkhalango zosauka, za mitengo ya mtundu umodzi, ndimo mbalame zinacepa ndi pafupifupi 40 pa 100. Ocirikiza magetsi a mphepo angakondwe ndi theka loyamba la zotsatirazi. Theka laciwiri ndilo likunena za Zambia, kumene nkhalango zambiri za m'mbali mwa miseu ya Great East ndi Great North zinapatulidwa kale mitengo yake ikuluikulu.

Mbalame zolusa zikasamuka, zina zimasintha pambuyo pake. Ku mapiri a Western Ghats ku India, kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti pa malo a makina mbalame zolusa zinali zocepa kanai poyerekeza ndi malo opanda makina, ndipo abuluzi amene mbalamezo zinali kudya anaculuka n'kuleka kuopa. Ku Katete ndi Petauke nyama yoyamba kupindula ndi kucoka kwa akadzidzi ndi akabawi ingakhale mbewa. Anyamata okumba mbewa sangadandaule, koma mwini nkhokwe ndi mwini munda wa nshawa angaone mosiyana.

Mseu ndi thumba la makala

Ngakhale zili tero, coopsa cacikulu pa nkhalango za m'dziko lino mwina si makina enieniwo koma njira yopitira kumeneko. Phiko limodzi la makina amakono limaposa mamita 60 kutalika, ndipo galimoto yolinyamula imafuna mseu wotakata wopanda makona akuthwa, kukwera mpaka pamwamba pa phiri. Pamafunikanso mpata wolambulidwa wa mawaya otengera magetsi ku mizere ya ZESCO. Ku Ulaya mseu wotere umakhala ndi geti ndi loko. Kuno, mseu wabwino wolowa m'nkhalango imene kale munali kufika njinga yokha ndi ciitano kwa magalimoto a makala. Mitengo imene oocha makala amayamba kugwetsa ndi ikuluikulu, yomweyo yokhala ndi mphako zimene gogomole, kadzidzi ndi nang'omba amaswera.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikubwerera ku Northmead, ndipo ikubwera ndi mbali ziwiri. Magetsi akazima, ngakhale nyumba ya mpanda wa njerwa yokhala ndi citofu camakono imatulutsa mbaula. Thumba lililonse la makala logulidwa mu Lusaka linali mtengo ku Chongwe, Rufunsa, Chibombo kapena Mumbwa. Ciwerengero cimene boma lakhala likuchula kwa zaka zambiri ndi cakuti dziko lino limataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango pa caka, ndipo makala ndi cimodzi mwa zifukwa, pamodzi ndi kutsegula minda. Mu April 2024 boma linafika poletsa kupereka zilolezo zoochera makala ku Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji. Conco wonena kuti makina a mphepo asamangidwe konse cifukwa ca mbalame ayenera kuyankha za mbalame zimene zikutaya zisa lero cifukwa ca mdima wa m'tauni. Poika ziwirizi pa sikelo, makala ndiwo olemera kutali. Malo onse a mphepo amene akukambidwa, ataphatikizidwa, sangafike pa nkhalango imene imatha m'caka cimodzi.

Koma kulemera kwa makala sikupatsa makampani ufulu womanga paliponse. Mbalame zina zilibe kothawira. Ya mtundu wa Chaplin's barbet, yoyera yokhala ndi zofiira m'maso, sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'Zambia muno, m'madera monga Chisamba ndi Choma, ndipo moyo wake wonse uli pa mitengo ya mkuyu. Ku Chitambo, boma loyandikana ndi Serenje kumene kuli Pensulo, kuli paki ya Kasanka, kumene caka ndi caka kuyambira kumapeto kwa October mpaka December kumasonkhana mileme yodya zipatso mamiliyoni ambiri, ena amati mpaka 10 miliyoni. Mleme si mbalame, ngakhale nthano zimakangana pa zimenezo, koma usiku uliwonse milemeyo imauluka makilomita makumi angapo kukadya masuku ndi zipatso zina, n'kumamwaza njere zimene zimameretsa nkhalango yomweyo imene mbalame zimakhalamo. Padziko lonse mileme imafa pa makina a mphepo kuposa mbalame.

Anthu a mu Lusaka ali ndi cifukwa cokayikira malonjezo a papepala. Nkhalango yotetezedwa nambala 27, kum'mawa kwa mzinda, kumene kumacokera mtsinje wa Chalimbana, inayamba kucotsedwa zigawo zake pa citetezo ca lamulo mu 2017 n'kudulidwa mapuloti, anthu akudandaula.

Zimene lamulo lingafunse

Lamulo la za cilengedwe nambala 12 la 2011 limafuna kuti nchito yaikulu ngati imeneyi iunikidwe ndi bungwe la ZEMA isanayambe, ndipo anthu okhudzidwa apatsidwe mpata wolankhula. Malamulo aang'ono oyendetsera kuunikako anayamba kulembedwa mu 1997, pamene palibe anali kuganiza za makina a mphepo m'Zambia. Funso ndi lakuti woyesa adzayesa ciani, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji. Ku South Africa malangizo amafuna kuti mbalame za pa malopo ziwerengedwe kwa miyezi 12 yathunthu asanamange, ndi kupitiriza makina atayamba kuzungulira. Kuno kufunika kwa zimenezi n'koonekeratu. Katswiri wofika mu June, n'kukhala masabata awiri, sadzaona lumbe, sadzaona mileme ya ku Kasanka, ndiponso sadzaona akabawi ndi anamzeze ocokera ku Ulaya ndi Asia amene amafika ndi mvula yoyamba. Ndipo ngati palibe amene analemba mmene mbalame zinali kukhalira makina asanabwere, palibe khoti kapena bungwe limene lidzathe kutsimikiza kuti zinasamuka.

Njira zocepetsera imfa zilipo. Pa cilumba ca Smøla ku Norway anapaka utoto wakuda phiko limodzi pa atatu, ndipo zotsatira za mu 2020 zinaonetsa kuti mbalame zakufa zinacepa ndi 70 pa 100, ngakhale kuti makina opakidwawo anali 4 okha. Ku Kipeto m'dziko la Kenya, malo a mamegawati 100 ndi makina 60 amene anayamba kugwira nchito mu 2021 pafupi ndi mapiri oswera miimba, kampani inalemba anthu a m'deralo nchito yokhala pa zitunda ndi magalasi oonera patali. Akaona muimba ukuyandikira amalamula kuti makina akutiakuti aime, ndipo amaima. Ku Excelsior ku South Africa amacita cimodzimodzi. Imeneyi ndi nchito yeniyeni ya malipiro imene acinyamata a ku Katete kapena Serenje angaigwire.

Njira zonsezi zimateteza mbalame zazikulu zouluka m'mwamba. Palibe utoto kapena mlonda amene angaletse nang'omba kusamuka. Pa mbalame za m'nkhalango mankhwala ake ndi amodzi, kusankha malo: kuika makina pa zitunda zimene zinalimidwa kale, kusiya mtunda wokwanira kucokera ku nkhalango zokhwima ndi za m'mbali mwa mitsinje, ndi kulemba m'cilolezo amene adzayang'anire mseu nchito ikatha. Mapu oyambira alipo. Bungwe la BirdWatch Zambia, limene linayamba mu 1969 ndi dzina la Zambian Ornithological Society, lili ndi mndandanda wa malo 42 ofunika kwambiri kwa mbalame m'dziko lino. Ena odziwa ndi eni nthaka. Mafumu, ofula uci ndi osaka amadziwa mtengo umene anang'omba aswerapo kuyambira kale, koma malipoti a kuunika amalembedwa m'Cingerezi ca akatswiri, masamba mazana, ndipo pa misonkhano ya m'midzi nkhani imathera pa nchito ndi malipiro a minda.

Cotsalira ndi kalendala. Omanga amakonda miyezi ya August mpaka November, nthaka ili youma ndipo magalimoto olemera sangatitimire. Miyezi yomweyo ndi pamene miombo imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe, tizilombo timaculuka, ndipo mbalame zambiri za m'nkhalango zimaikira mazira. Kafukufuku wa ku Britain wa mu 2012 anapeza kuti kwa mitundu ingapo ya mbalame, nthawi yomanga ndiyo inaononga kwambiri kuposa zaka zimene makina anali kuzungulira. ZEMA ili ndi mphamvu yolemba m'cilolezo miyezi imene kugwetsa mitengo ndi kuphulitsa miyala kuyenera kuima, ndipo kampani iliyonse idzawerengera mwezi uliwonse wotero m'ndalama za ngongole yake ku banki.